Za Liu la Chingerezi Lakuti Flagship, ndi Mamasulidwe Ache

Mphunzitsi mnzathu wina wa kuno ku Nkope anadza kwa ife tsiku lina dzuwa litapendeka, ali ndi nyuzipepala ya Chingerezi m'manja, nati, "Aphunzitsi, taonani mau awa. Alemba kuti sukulu yaikulu ya ku Zomba ndiyo flagship ya dziko lino, ndipo ana a m'kalasi mwanga atandifunsa ndinasowa chowayankha. Kodi sukulu isanduka bwanji chombo?" Tinakhala pakhonde kufikira mdima, ndi kuliunguza liulo uku ndi uku, ndipo popeza tidziwa kuti aphunzitsi ndi akatekisti ambiri akomana nalo m'manyuzi ndi pa wailesi, tayesa kuti nkwabwino kulemba pano zimene tinapeza.

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Zaka zapitazo, tiri achatsopano pa ntchito, tinaphunzitsa ana kuti mau a Chingerezi otsiriza ndi ship alingana ndi mau athu oyamba ndi u-. Ndipo m'menemo sitinaname, pakuti friendship ndiwo ubwenzi, leadership ndiwo utsogoleri, kingship ndiwo ufumu. Koma mnyamata wina wochenjera, atapeza flagship m'buku, anatsata lamulo lathu bwino lomwe, nalemba "umbendera". Ndipo ife, posafuna kuoneka osadziwa pamaso pa ana, tinamchongera. Liu lopanda pache limenelo linagona m'makope a kalasi yonse kufikira kutha kwa chaka.

Tsono dziwani kuti ship ali pawiri. Woyamba ndiye mchira chabe wa liu, wosatha kuima pa yekha, ndiye wolingana ndi u- wathu uja. Wachiwiri ndiye dzina lenileni la chinthu, ndicho chombo chachikulu cha pamadzi. Mukakayika, dzifunseni kuti, kodi chinthu chotchulidwachi chiyandama? Ubwenzi suyandama, koma warship ayandama. Ndiponso kumbukirani kuti Angerezi, polumikiza maina awiri, aika patsogolo dzina lofotokoza natsiriza ndi mwini nkhani. Pamene ife tiyamba ndi mwini nkhani, ndi kumlumikiza kwa mnzache ndi timau tating'ono tija, wa, cha, ya, la. Chifukwa chache womasulira ayambire kumbuyo: warship, chombo cha nkhondo, steamship, chombo cha nthunzi, chimene ife tichitcha sitima, flagship, chombo cha mbendera.

Apa galamala watha ntchito yache, koma watisiya pa njira. Pakuti mwana wa m'mbali mwa nyanja adzati, "Nanga si masitima onse ali nayo mbendera kumbuyo?" Ndipo adzakhala atanena zoona. Tiyenera kufunsa kuti mbenderayo njayani. Ndipo yankho lache liri mu mwambo wa ankhondo a pamadzi.

Zombo za nkhondo siziyenda chimodzi chimodzi, koma m'gulu. Chombo chiri chonse chiri ndi kaputeni wache, wolamulira za m'kati mwache. Koma pamwamba pa akaputeni onse pali kazembe wamkulu wa gulu lonse, amene Angerezi amutcha admiral. Kazembeyu alibe chombo chachechache. Akwera m'chimodzi cha zombozo chimene wasankha, ndipo pamene iye alowa, amalinyero akweza pa mlongoti mbendera ya udindo wache, yosiyana ndi mbendera ya dziko. Ndipo tsiku limene atuluka kosabwereranso, aitsitsa. Kwa Angerezi masiku ano mbendera ya admiral ndiyo mtanda wofiira pa nsaru yoyera. Ya womtsata pa ukulu iri ndi dontho limodzi lofiira pambali, ndi ya wachitatu madontho awiri. Chombo chimene chanyamula mbendera yotere ndicho flagship. Kaputeni wa chombocho akhalabe kaputeni, nayang'anira matanga ndi zakudya ndi mwambo wa amalinyero. Kazembe salowerera zimenezo, pakuti maso ache ali pa gulu lonse.

Mwambo umenewu sunayambe chifukwa cha ulemu wokha ai. M'masiku a matanga, kusanadze wailesi, panalibe njira yolankhulira ndi chombo chiri kutali koma timbendera ta maonekedwe osiyanasiyana, timene anakweza motsatana monga malembo. Kotero kaputeni ali yense anaika munthu wokhala ndi galasi loonera kutali, ntchito yache kupenyetsetsa chombo cha kazembe usana wonse, kuti akaona chizindikiro chakuti "khotani," kapena "yandikirani adani," auze mbuye wache msanga. Usiku anapenya nyali zache. Gulu losadziwa kumene kuli kazembe wache linali ngati ng'ombe zopanda mbusa m'munda wa eni.

Anthu ambiri ayesa kuti flagship ndicho chombo chachikulu koposa zonse. Kawirikawiri chikhaladi chachikulu, chifukwa kazembe ayenda ndi alembi ndi athandizi ofuna malo; koma ukulu suli mwini wa dzinalo. Pa 21 October 1805 panachitika nkhondo yomveka ya Trafalgar, kufupi ndi gombe la Spain, pamene zombo zazikulu 27 za Angerezi zinakomana ndi zombo 33 za Afalansa ndi Aspanya. Chombo chachikulu koposa tsiku limenelo chinali cha Aspanya, Santísima Trinidad, cha mizinga yosachepera 130. Koma Villeneuve, wolamulira gulu lonse la mbali imeneyo, anali m'chombo cha mizinga 80 yokha, dzina lache Bucentaure, ndipo malamulo anachokera m'menemo. Kumbali ya Angerezi kazembe anali Horatio Nelson, m'chombo chotchedwa Victory. Ndi wachiwiri wache, Collingwood, anakweza mbendera yache m'chombo china, Royal Sovereign. Potero tiona kuti gulu limodzi likhoza kukhala ndi zombo za mbendera zingapo, monga mwa kuchuluka kwa akazembe ache.

Ndipo mbendera imene iitana maso a abale iitananso mizinga ya adani. Nelson anatsogoza chombo chache pa mzere, nichilandira moto woyamba, ndipo iye mwini analasidwa ndi chipolopolo alikuyenda pamwamba pa chombo, namwalira tsiku lomwelo, nkhondo itapambanidwa. Akulu athu anati, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo amalinyero a m'chombo cha kazembe anaudziwa mwambi umenewu ndi matupi ao, angakhale sanaumve m'chinenero chathu.

Koma chimene chitithandiza koposa pa kumasulira kwathu ndi ichi, chakuti mbendera isamuka. Ku America kuli nyanja ya madzi okoma ngati yathuyi, dzina lache Erie. Ndipo pa 10 September 1813 Amereka ndi Angerezi anamenyana pamenepo. Wolamulira Amereka, Oliver Perry, anali m'chombo chotchedwa Lawrence, chimene chinaphwanyika kwambiri, ndi anthu ache ambiri anafa kapena kulasidwa. Perry anatenga mbendera yache, natsikira m'kabwato, napalasa pakati pa moto kufikira chombo china, Niagara. Ndipo kuyambira mphindi imeneyo Niagara ndiye anatsogolera, napambana nkhondo. Matabwa a Lawrence sanasinthike pamene Perry anatuluka. Chinachoka ndi munthu ndi udindo wache. Tinene pambali kuti Angerezi, mwa kukonda kwao zakale, asunga Victory pa malo ouma ku Portsmouth kuyambira 1922, ndipo m'chaka cha 2012 anachiyesa chombo cha mbendera ya mkulu wa ankhondo ao onse a pamadzi, chingakhale sichidzayendanso. Umenewo ndi ulemu wa kwa nkhalamba, ndipo sitiutsutsa, koma usatisokeretse.

Tibwere tsopano kwathu. Aphunzitsi amene afika ku boma la Mangochi aona mfuti yaikulu iri kufupi ndi nsanja ya koloko, pafupi ndi mtsinje wa Shire. Mfutiyo inachokera m'sitima ya boma la Angerezi yotchedwa Guendolen, imene inadza zidutswa zidutswa kuchokera ku England, nilumikizidwa pomwepo pa Fort Johnston, nilowa m'madzi m'chaka cha 1899. Inali yaikulu mwa masitima a boma pa nyanja ino. M'mwezi wa August 1914, nkhondo yaikulu itangoyamba ku Ulaya, kaputeni wache Edmund Rhoades analamulidwa kukafuna sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Naipeza itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa dooko la Sphinxhaven, ndiko ku Liuli m'dziko la Tanzania lero, naiombera, naiononga kuti isathe kumenya nkhondo. Nkhani isimbidwa kuti kaputeni wa Ajeremani, Berndt, amene anali bwenzi la Rhoades, sanamve kuti nkhondo yayamba, napalasa bwato kudzafunsa mnzache ngati waledzera. Ndipo pomwepo anagwidwa. Kameneko kanali kankhondo kakang'ono, koma kanapatsa Angerezi mphamvu pa nyanja yonse, kuti anyamule askari ndi katundu kunka ku Karonga osaopa.

Olemba mbiri atchula Guendolen kuti flagship ya nyanja ino. Tikatsata mwambo mosamala, dzinalo silimuyenera kwenikweni, pakuti Rhoades sanali admiral, ndipo mbendera ya admiral inalibe malo pa kagulu kakang'ono kotere. Apa tiliona liu liyamba kumasuka m'chingwe chache: lasiya kunena za mbendera yeniyeni, nilinena za chombo chimene zinzache zichitsata. M'lingaliro lomweli anthu atchula Ilala, imene inamangidwa ku Scotland niyamba ntchito m'chaka cha 1951, Vipya itamira mu 1946 pamodzi ndi anthu 145. Ndipo yanyamula anthu ndi katundu pakati pa Monkey Bay ndi madooko a kumpoto zaka zoposa 70. Ilala siilamulira chombo china chiri chonse. Koma dzina lache ndilo liimirira masitima onse a nyanja ino m'makutu a anthu.

Tikadafunsidwa ife, tikadati chombo chimene chinagwira ntchito ya flagship koposa pa nyanja ino sichinali cha nkhondo konse. Tinena Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya U.M.C.A., yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja muno m'chaka cha 1895. Inamangidwa ku Glasgow, nidza m'mitolo zikwi zitatu ndi mphambu. Ndipo chophikira nthunzi chache, chimene sichinatheke kuchigawa, anachikoka pamtunda amuna 450 popambana mathithi a Shire. Inalumikizidwa kwa Mponda, nilowa m'madzi mu 1901. M'kati mwache munali chipinda chophunziriramo, ndipo Archdeacon William Percival Johnson anakhala m'masitima a mishoni zaka zambiri monga m'nyumba mwache, nazungulira midzi ya m'gombe, kuyesa ana, kulangiza aphunzitsi, kusiya mabuku ndi masileti, ndi kutenga odwala. Mphunzitsi wa kumudzi wakutali, poona utsi wache kunyanja, anadziwa kuti wakumbukiridwa, nadziwanso kuti kaundula wache adzapenyedwa. Sitima imeneyo inalipo chifukwa cha masukulu ang'ono aja. Popanda iwo ikadakhala chitsulo choyandama chabe.

Koma pophunzitsa ana a kuno sitisowa kunka kutali chotero, pakuti chitsanzo chiri pa gombe pathu usiku uli wonse wopanda mwezi. Asodzi a chilimira atuluka ndi maboti awiri onyamula khoka ndi anyamata okoka, ndi kabwato kamodzi kakang'ono konyamula nyali. Kale nyali za palafini, lero mababu a batire. M'kabwatoko mukhala munthu mmodzi, amene amutcha siginala, dzina lochokera ku liu la Chingerezi lonena chizindikiro. Iyeyo ndiye adziwa pamene pali usipa, naukopa ndi kuunika kwache, nautsogolera pang'ono pang'ono kufikira pa khoka. Ndipo a m'maboti aja, angakhale ali ambiri ndi amphamvu, saponya kapena kukoka iye asanapereke chizindikiro. Pogawana, gawo lache liposa la anzache. Ndipo akabwera chimanjamanja masiku atatu, dzina lotchulidwa pa gombe ndi lache. Taonani, bwato laling'ono koposa ndilo lipenyedwa ndi onse. Tinayesa kufotokoza chotero m'kalasi, ndipo ana a asodzi anamva tisanatsirize kulankhula.

Tsono liu litachoka pamadzi linakwera kumtunda. Amalonda alitchula ponena sitolo yao yaikulu, kapena foni yao yodula koposa. A boma alitchula ponena ntchito imene afuna kudziwika nayo. Zimenezi tizipitirira, pakuti m'menemo liulo lingotanthauza "chimene tinyadira." Koma za masukulu aakulu tiyenera kunena, popeza ndipo panachokera funso.

Dziko la United States ligawika m'zigawo 50, ndipo chigawo chiri chonse chiri ndi boma lache ndi mayunivesite ache oyendetsedwa ndi ndalama za msonkho. M'zigawo zambiri masukuluwo alumikizidwa m'gulu limodzi, monga zombo. Ndipo imodzi mwa izo, kawirikawiri yoyamba kukhazikitsidwa, yokhala ndi maphunziro a mitundu yambiri, ndi nyumba yaikulu ya mabuku, ndi akatswiri ofufuza zinthu, aitcha flagship. Ku North Carolina ndiyo ya ku Chapel Hill, imene inayamba kuphunzitsa mu 1795. Ku California anthu atchula ya ku Berkeley, mbeu ya yunivesite imene inakhazikitsidwa mu 1868. Koma popeza palibe mbendera yooneka pa mlongoti, dzinali libala makani. Ku Texas kuli ziwiri zolimbana ukulu, ya ku Austin ndi Texas A&M; ndipo ku New York, kumene kunalibe yotchedwa chotero, bwanamkubwa analengeza mu 2022 kuti ziwiri, ya ku Buffalo ndi ya ku Stony Brook, zikhale ndi dzinalo. Makaniwo sali a dzina lokha, pakuti kumene kwapita dzina kutsatanso ndalama, ndi aphunzitsi omveka, ndi ana okhoza bwino.

Kwathu kuno University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, niyamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri m'mzinda wa Blantyre. Ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Inali gulu ndithu: Bunda ya zaulimi, Polytechnic ya zaumisiri ndi zamalonda, Kamuzu College of Nursing ya anamwino, ndi College of Medicine ya madokotala, imene inatsegulidwa mu 1991. M'masiku amenewo munthu akatcha ya ku Zomba flagship, fanizolo linali ndi miyendo, pakuti zinalipo zinzache zoyenda nayo pansi pa dzina limodzi. Koma gululo linagawika. Bunda inapatuka cha m'ma 2012, nikhala mutu wa yunivesite ya zaulimi ya ku Lilongwe. Ndipo mu 2021 Polytechnic inaima pa yokha, sukulu ziwiri za zaumoyo zinalumikizana kukhala yunivesite imodzi, ndi ya ku Zomba inatsala ndi dzina lakale lija. Kunjanso kwa izi kuli ya ku Mzuzu, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndi ya zasayansi ya ku Thyolo, ya mu 2014.

Chifukwa chache wolemba nyuzi uja, ponena flagship lero, atanthauza kuti ya ku Zomba ndiyo yakale, yosunga dzina la dziko, ndi yophunzitsa ambiri a iwo amene aphunzitsa m'zinzache. Zimenezo nzoona, ndipo sitichepsa sukuluyo. Koma satanthauza, kapena sayenera kutanthauza, kuti ilamulira zinzache, kapena kuti iposa zonse pa chiri chonse. Ndipo apa ndipo pali kuopsa kwa kumasulira molakwa. Mphunzitsi akati flagship ndiyo "yopambana zonse," mwana amva kuti zotsalazo nzolephera. Tinaona ndi maso athu mtsikana wina, amene tinamphunzitsa ali wamng'ono, alikulira tsiku limene anasankhidwa kunka ku sukulu yaikulu, chifukwa sinali ya ku Zomba. Ndipo atate wache, atamva kwa anthu kuti kumene anasankhidwirako nkwapansi, anazengereza kugulitsa mbuzi za fizi kufikira nthawi inatsala pang'ono kutha. Komatu wofuna udokotala apita ku Blantyre, wofuna ulimi apita ku Bunda; ndipo mwana wa msodzi wofuna kudziwa chifukwa chache chambo chachepa m'nyanja muno adzapeza omphunzitsa ku Bunda, ndi ku Mzuzu, ndi pafupi pompano pa Mpwepwe, pa sukulu ya zausodzi. Pa ntchito iri yonse mbendera iri pa mlongoti wina.

Mnzathu uja anafuna kuti timasulire "yachisamba," monga tinena mwana wachisamba; ndipo poyamba tinakondwera nalo, chifukwa wachisamba ndiye woyamba, ndiye alemekezedwa, ndiyenso asenza udindo wa kulera abale ache ang'ono. Pa yunivesite ya ku Zomba liuli likhala bwino ndithu, ndipo tilivomereza. Koma silikwanira ponse, pakuti uchisamba susamuka. Wobadwa poyamba akhala woyamba kufikira imfa, angakhale akhale waulesi, pamene mbendera taiona ilikuoloka m'kabwato ka Perry. Ndipo Bucentaure kapena Niagara sizinali zoyamba kumangidwa.

Tsono langizo lathu ndi ili, kuti tisafune liu limodzi la Chinyanja lokwanira ponse, koma tipenye nkhani. Ponena za nkhondo ya pamadzi, tinene "chombo cha kazembe," pakuti mau amenewa atchula munthu amene mbenderayo iimirira, ndipo mwana safunsanso za mbendera ya kumbuyo. Ponena za Ilala, tinene "sitima yomveka koposa ya pa nyanja ino." Ponena za sukulu, tinene "yotsogolera zinzache," kapena "yachisamba" ngati tinena za kuyamba kwache, koma "yopambana zonse" tilipewe. Ndipo amene atcha sukulu ya pa mishoni flagship ya masukulu a m'midzi, monga tamva ena anena pa misonkhano, ayambe wawerenga kuti chaka chino aphunzitsi a pamenepo anapita kangati ku masukulu a m'midzi aja ndi choko ndi mabuku. Akapeza kuti sanapiteko, anene "sukulu yaikulu" basi.

Mukasunga liu la Chingerezi lomwelo pakati pa mau athu, monga achita a wailesi, kumbukirani kuti liribe gulu lache la maina. Timau tolumikiza titsate chinthu chimene munena: chombo ichi ndicho flagship, sitima iyi ndiyo flagship, sitolo iyi ndiyo flagship ya eni ache. Ndipo polemba pa bolodi musalidule pakati, pakuti Angerezi alilemba liu limodzi.